Timatuza Titatu ta a Makawa

Pazenera la kuchipinda kwanga pali kabotolo kopanda kanthu, koyera, kokhala ndi timatuza titatu pakhosi. Akazi anga anakataya kawiri, ndipo kawiri konseko ine ndinakakatola kudzala. Ulendo wachiwiriwo anandifunsa ngati ndi zakwasing'anga zonditeteza pantchito (akanadziwa kuti anthu ndi amene akufunika kutetezedwa kwa ine, sakanafunsa). Ndinangoyankha kuti ndi chikumbutso. Lero ndati ndiulule, pakuti nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali, ndipo munthu amene ndinamulakwirayo sangathe kuwerenga zimene ndikulembazi.

Ntchito yanga ndi ya kafukufuku. Si kafukufuku wa anthu ophunzira kwambiri uja ayi. Wanga ndi woyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati sopo wakuti akuchita thovu, ngati machesi akuti akuyaka msanga, ngati mafuta akuti akununkhira. Makampani amatilemba ganyu ya masabata angapo, n'kutipatsa tisheti, chipewa ndi tabuleti, kachipangizo konga foni yaikulu kamene mumakhala mafunso. Iwe kwako n'kuwerenga funso, munthu ayankhe, udine pa yankho lake, kachipangizoko kalire kuti "twi", upite pa funso lina. Ndinali nditaigwira zaka zitatu ntchitoyi, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma ine nthawi imeneyo mwambi umenewu ndinkauona ngati wa anthu ena.

Chaka chimenecho kampani ina ya mu Limbe, yopanga mankhwala othira m'madzi akumwa, inkafuna kusintha maonekedwe a botolo lake. Pamaphunziro a masiku awiri, madamu amene ankatiyang'anira anatsindika chinthu chimodzi: ulendo uno tisasiye anthu a ulumali.

"Nawonso amagula, nawonso amamwa madzi," anatero madamuwo. "Ndipo muzilankhula ndi mwini wake, osati amene akumusamalira. Mwamva?"

Tonse tinati tamva. Ine ndinagwedeza mutu kuposa wina aliyense (maganizo anga anali pa nkhuku imene inkanunkhira kuchokera kukhitchini).

Galimoto inatitula pa Milepa m'mawa wa Lachitatu, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. Mlangizi wa zaumoyo amene ndinamupeza pachipatala anandiuza kuti kutsidya kwa dambo kuli bambo wina wosaona, a Makawa, amene amakhala ndi mlongo wawo. Ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Anzanga ankadandaula kuti anthu a ulumali ngovuta kuwapeza, ine wanga ndinali nditamupeza tsiku loyamba lomwe. Ndinakwera kabaza mpaka pamene njira inachepera, ndinamuuza wakabazayo kuti andidikire pamthunzi, kotsalako ndinayenda wapansi.

Ndinawapeza atakhala pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, akupota chingwe cha khonje pantchafu. Anali bambo wa zaka za m'ma fifite, woonda, atavala malaya ochapidwa bwino ndipo mabatani atamanga mpaka m'khosi. Zingwe zomangira mbuzi zimene anali atamaliza anazikoloweka panthambi, zodikira tsiku la msika. Chapakhonde, mlongo wawo, amake Joyisi, ankasankha matimati n'kumaika m'dengu.

Ndinaodira, anandipatsa mpando, ndinapatsana moni ndi amake Joyisi n'kuwafotokozera kuti ndatumidwa ndi kampani. Mpaka pamenepo zinali bwino. Kenako ndinatembenukira kwa a Makawa, ndipo sindikudziwa kuti chinandilowa n'chiyani. Ndinawerama, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo, n'kuwafunsa kuti adzuka bwanji ndi mawu amene munthu amaitanira mnzake wa kutsidya kwa mtsinje. Nkhuku zimene zinkapalasa pafupi zinabalalika.

A Makawa anaima kupota. "Ndadzuka bwino, kaya inu a Kampani," anatero mofatsa. "Koma tatsitsaniko wailesiyo pang'ono. Ine anafa ndi maso okha, makutu akadali moyo."

Amake Joyisi anabisa nkhope m'dengu. Ine ndinaseka nawo kuti zioneke ngati ndimachita dala, koma thukuta linali litayamba kutsika kumsana. Munthu wanzeru akanaphunzirapo pomwepo. Ine ndinangosintha njira yolakwira. Poona kuti ndawachititsa manyazi, ndinaganiza kuti ulemu wake ndi wakuti ndisawavutitsenso, ndiye ndinatembenuza mpando n'kuyamba kufunsa mlongo wawo.

"Kodi awa ali ndi zaka zingati? Kodi awa amamwa madzi a pamjigo kapena a pachitsime? Kodi awa amawadziwa mankhwala othira m'madzi?"

Mayi aja anayankha mafunso awiri, pachitatupo anaika thimati pansi. "Inu achimwene, anthuwo si awo ali apowo? Afunseni."

"Asiyeni, achemwali," anatero a Makawa, manja akupotabe. "Mwina kusukulu kwawo anawauza kuti pakamwa pa wosaona pamakhala kwa mlongo wake."

Pamenepo mawu a madamu aja anandibwerera, koma anabwera mochedwa ngati mvula yogwa chimanga chitauma kale. Ndinapepesa, n'kubweza mpando, n'kuyamba kuwafunsa eni ake. Anayankha bwino kuposa anthu ambiri amene ndinawafunsapo. Mankhwalawo ankawadziwa, muyezo wake ankaudziwa, nthawi yodikira madzi asanamwedwe ankaidziwa. Mtima unayamba kukhala m'malo. Ndinadziuza kuti zoipa zatha.

Ndiye tinafika pa funso lalikulu, limene kampani inatitumira. Pa tabuleti panatuluka zithunzi za mabotolo atatu: lobiriwira, labuluu ndi lachikasu. Pakamwa panga, pozolowera kunena mawu omwewo khomo lililonse, panangoyankhula pokha. Ndinawaika kachipangizoko kumaso n'kunena kuti, "Tsopano bambo, tayang'anani apa."

Choipa kwambiri n'chakuti dzanja langa silinabwerere. Linangokhala chitambasulire, tabuleti ili pamphuno pawo, ngati ndikudikira kuti chozizwitsa chichitike.

A Makawa anakweza dzanja, n'kupapasa galasi lija ndi nsonga za zala. "N'chosalala bwino," anatero. "Nanga zoti ndionezo zili pati?"

Ndinawafotokozera kuti pali mabotolo atatu a mitundu yosiyana, ndipo funso likuti ndi mtundu uti umene ungawakope atalowa m'sitolo.

Anaganiza kanthawi, moona mtima ndithu, ngati munthu wofuna kuthandiza. "Mtundu womaliza umene ine ndinauona ndi wa bulangeti la kuchipatala," anatero. "Ndinali ndi zaka sikisi, chikuku chitandigwira. Linali lofiira. Ulipo pamenepo?"

"Palibe, bambo."

"Nde pepani. Koma botolo lenilenilo mwabwera nalo?"

Ndinali nalo m'chikwama, limodzi lachitsanzo. Nditawapatsa, anayamba kulipapasa kuyambira pachitsekerero, kutsika m'khosi, kuzungulira m'mimba mwake mpaka kunsi. Kumwetulira kuja kunachoka pankhope pawo.

"Achemwali, tabweretsani lija."

Amake Joyisi anazengereza. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'jumbo kamene anakachotsa kutsindwi. A Makawa anandiuza kuti nditsinzine. Ndinatsinzina. Anandiika botolo limodzi m'dzanja lamanja, lina lamanzere.

"Limodzi ndi lanu la madzi," anatero. "Linalo ndi poizoni wopopera matimati. Mwana akulira ludzu. Thirani."

Ndinapapasa, ndinayeza kulemera kwake, ndinagwedeza. Kutalika kumodzi, khosi limodzi, chitsekerero chimodzi. Koma katswiri savomera kuti sakudziwa, ndiye ndinakweza la kumanja molimba mtima n'kutsegula maso. Papepala lake panali chithunzi cha chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa.

Palibe anaseka. Ndinaika botololo pansi pang'onopang'ono.

"Pakhomo pano ine ndinali ndi ntchito ziwiri," anatero a Makawa. "Anthu akapita kudimba, ndimatsala ndi mdzukulu, Tadala, mwana wa Joyisi. Komanso madzi akumwa anali m'manja mwanga. Akatunga kumjigo, wothira mankhwala ndinali ine. Kachitsekerero kamodzi, kuvundula, kudikira. Zaka zinayi palibe anatsekulapo m'mimba pakhomo pano, afunseni achemwali. Botolo langa ndimalimanga chingwe pakhosi kuti ndizilidziwa."

Anasisita chingwe chimene chinali pantchafu.

"Nde tsiku lina langa lija litatha, alamu, amuna a achemwaliwa, anabwera kuchokera kumsika ndi mabotolo awiri atsopano, n'kuwaika pazenera. M'mawa analawirira kudimba. Ine sindimadziwa kuti alipo awiri. Chimfine chinali chitanditseka mphuno. Ndinagwira loyamba kulipeza, zala zinati ndi lomwe lija. Ndinathira. Mwana analira ludzu, ndinamupatsa. Bwenzi nditayamba kumwa ineyo."

Kuchokera pamenepo nkhani anaitenga ndi amake Joyisi, maso ali pa matimati. Anati mwana atayamba kusanza ndi kuchita thovu kukamwa, a Makawa anamubereka kumsana n'kuthamanga naye kulowera kudimba, opanda ndodo, akufuula. Anagwa kangapo m'njira, mawondo onse magazi okhaokha, koma mwanayo sanamugwetse. Tadala anagona kuchipatala masiku anayi.

"Anachira, Mulungu ngwamkulu," anatero mayiwo. "Achimwenewa si oipa ayi. Koma ine ndinalumbira. Kuyambira tsiku limenelo ndowa ya madzi sagwira, ndipo mwana timapita naye kudimba. M'mawa ndimawasiyira madzi m'kapu, basi."

"Ndawauza kuti ndizicheka chizindikiro pa botolo lililonse, akukana," anatero a Makawa.

"Ndikana ndithu. Chingwe chanu chija chinali kuti tsiku limenelo? Chizindikiro chapakhomo chimadikira kuti munthu akumbukire, nde munthu amaiwala. Ine ndinati tsiku limene botolo lidzachoke kusitolo lili kale ndi chizindikiro chake, choti ngakhale mumdima munthu n'kulidziwa, ndowa ndidzawabwezera, mwananso ndidzawabwezera. Ndinanena pamaso pa alamu awo, sindidzasintha."

Mayiwo analankhula mopanda ukali. Anali munthu wamantha basi, ndipo mantha ake sindikanawatsutsa, ine amene ndinali nditangosankha chigaza.

"Nde mwamva, a Kampani," anatero a Makawa. "Chaka ndi miyezi ndakhala ndikudikira munthu wa kwanuko. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabotolo kopanda kanthu, kamene kali pazenera langa lero. Anali atasungunula chidutswa cha ndowa yakale yapulasitiki n'kudontheza madontho atatu pakhosi pake. Madonthowo anauma n'kukhala ngati timatuza. Pachala chawo chachikulu panali chipsera cha ntchito imeneyo. Anandigwira dzanja, n'kuyendetsa chala changa pa timatuzato.

"Chimodzi, chiwiri, chitatu. Mwamva? Ngakhale mwana, ngakhale agogo amene maso achita chifunga, ngakhale inu amene mumaona mukadzuka kukadali mdima. Mukawauze akuluakulu anu kuti botolo la madzi lizibwera chonchi. Za mitunduzo asankhe okha. Lembani zimenezo."

Ndinayang'ana pa tabuleti. Mabotolo atatu aja anali akadali pomwepo, akundidikira. Ndinayesa kudumpha funsolo, koma panatuluka mawu ofiira akuti sankhani yankho limodzi. Ndinafufuza malo olembapo mawu a munthu, panalibe. Amene anakonza mafunsowo anakumbukira kutiuza kuti tikapeze anthu a ulumali, koma sanasiye khomo loti mawu awo alowerepo. Cholembera ndinalibe, pepala ndinalibe (katswiri wa makono sayenda ndi zinthu zachikale). Dzuwa linali litafika paliwombo, wakabaza ankandidikira, ndipo makomo ena asanu ndi awiri anali asanayendedwe.

Ndikanatha kunena zoona, kuti bambo, kachipangizoka kalibe malo a mawu anu, koma ndikawanena ndi pakamwa panga. Mawu ochepa chabe amenewo. M'malo mwake, chala changa chinapita pa botolo loyamba pamzere, lobiriwira, n'kudina.

Twi.

Nkhope ya a Makawa inawala. "Kalira," anatero. "Zalowa eti?"

"Zalowa, bambo."

"Achemwali, mwamva? Zalowa."

Mafunso otsalawo ndinawathamangitsa. Potsanzikana, anaimirira n'kupapasa panthambi, n'kusankha chingwe chopotedwa bwino kuposa zonse kuti ndi mphatso yanga (mbuzi ndilibe, koma mwina iwo anali atazindikira kale kuti mbuzi yake ndi iti). Anandiperekeza mpaka kumapeto kwa bwalo, dzanja lawo lili paphewa panga. Ndinadzilonjeza m'njira monse kuti ndikafika ku Limbe ndikafotokoza zonse.

Patapita masabata atatu anatiitana kumsonkhano womva zotsatira. Munali akuluakulu a kampani, mafani akuzungulira, zithunzi zikuoneka pakhoma. Lobiriwira ndi limene linapambana. Kenako pakhoma panatuluka mawu akuti anthu a ulumali nawonso anafunsidwa, ndipo ngakhale munthu wosaona anasankha lobiriwira. Madamu ananditchula dzina kuti ndiimirire, popeza ndine ndekha amene ndinafikira munthu wosaona. Anthu anawomba m'manja. Ndikuulula kuti zinandikomera. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa chapansipansi kuti wosaona wasankha bwanji mtundu, anthu awiri atatu anaseka, koma nthawi yomweyo tiyi analowa ndipo funsolo linamira m'makapu.

"Pali china chimene bamboyo ananena, choti akuluakuluwa amve?" anandifunsa madamu.

Chikwama chinali pampando, botolo la a Makawa lili momwemo. Ndikanangotambasula dzanja. Koma kulitulutsa kukanatanthauza kuvomera pamaso pa anthu onsewo kuti lobiriwiralo ndinasankha ndine, kuti ndinanamiza kampani ndipo ndinanamiza munthu wosaona. M'manja anali atangowomba kumene. Mayina a opita ku kafukufuku wa sopo anali oti atuluke sabata yotsatira.

"Palibe, madamu."

Manyazi anapha lambe. Ine sanandiphe, anangosankha wina woti amve kuwawa m'malo mwanga.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ku Limbe n'kulipeza botolo latsopano lili pashelefu, lobiriwira ngati tsamba la mpiru. Ndinalinyamula, n'kutsinzina pakati pa sitolo (wogulitsa anaganiza kuti ndikupemphera), n'kuyendetsa chala pakhosi pake. Linali losalala ngati lakale lomwe lija. Tsiku lomwelo ndinapita kwa madamu, n'kuika mabotolo awiriwo patebulo lawo, n'kuulula zonse.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anatenga botolo la a Makawa, n'kulisisita nthawi yaitali.

"Mukananena tsiku lija zikanatheka," anatero. "Mwini kampani anali m'chipindamo. Zikombole zoumbira mabotolo anali asanaitanitse. Pano anaitanitsa kale, ndipo sasintha zaka zingapo zisanathe. Nafenso tinalakwa, funso lija silinali la munthu aliyense. Kuyambira pano tizisiya malo olemba mawu a munthu, ndipo muzinyamula zinthu zoti anthu agwire, osati zithunzi zokha. Koma bamboyo akudikira yankho. Mukawauze nokha."

Madzi akatayika sawoleka. Ndinazengereza miyezi ina iwiri, kenako Loweruka lina, mu Okutobala momwemonso, ndinakwera minibasi ndi kabaza, osavala tisheti kapena chipewa cha kampani.

Pakhomo panali zii, onse ali kudimba. A Makawa anali pamphasa yomwe ija, pansi pa mtengo womwe uja, akupota. Pambali pawo panali kapu yovindikira ndi mbale. Ndinaodira chapansipansi.

Anakweza mutu. "A Kampani," anatero, akumwetulira. "Wailesi ija munaitsitsa masiku ano. Fikani, fikani. Mpando uli pakhonde, dzitengereni."

Mpando sindinautenge. Ndinakhala pansi, m'mphepete mwa mphasa. Titapatsana moni, anayamba okha.

"Alamu akuti pa Milepa botolo likadali lakale lomwe lija. Ine ndimawauza kuti zinthu za m'tauni zimachedwa kufika kuno. Latuluka?"

"Latuluka, bambo."

"Mwabwera nalo?"

Ndinawaika m'manja. Sanayambire pachitsekerero ngati kale. Zala zinapita molunjika pakhosi. Zinazungulira kamodzi. Zinazungulira kachiwiri, pang'onopang'ono. Anatembenuza botololo n'kufufuza kunsi, m'mbali, mwina poganiza kuti aika pena. Kenako analigwira ndi manja awiri.

"Ndi la mtundu wanji?"

"Lobiriwira."

"N'lokongola?"

Pamenepo ndinalephera kupitiriza kubisa. Ndinawauza zonse: kuti kachipangizo kaja kanalibe malo a mawu awo, kuti ndinanama, kuti kumsonkhano anandifunsa ine n'kunena kuti palibe, kuti pamene ndimakaulula zikombole zinali zitagulidwa kale. Ndinalankhula maso ali pansi, ngakhale panalibe maso oti ndiwathawe.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi. "Nanga kaja kanalira kaja, kamalirira chiyani?"

"Mtundu wobiriwira, bambo."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Nde ku Limbe konse akudziwa kuti Makawa amakonda zobiriwira." Anaika botololo pamphasa mosamala, ngati n'loti lingasweke. "Ine zanga zilibe kanthu, ndinazolowera kudikira. Koma Tadala ndinamuuza. Ndinati botolo likangofika uzitsala ndi agogo, usamakapse ndi dzuwa kudimba. Tsiku lililonse la msika amathamangira alamu n'kumapapasa mabotolo pakhosi, ngati mmene ndinamuphunzitsira. Chaka chamawa ayamba sukulu. Nde basi, nthawi yotsala ndi ine yatha."

Ndinati ndilankhula ndi amake Joyisi, mwina angasinthe maganizo. Anapukusa mutu.

"Musawavutitse. Iwo ananena mawu awo, ndipo akuwasunga. Inenso ndinanena anga, oti ndowa sindigwira, ndikuwasunga. Pakhomo pano timatero."

Mawu amenewo sanawanene mondilasa, koma anandilasa. Ndinatulutsa kabotolo kawo ka timatuza kuti ndiwabwezere, pakuti sindinkaona kuti ndine woyenera kukasunga. Anakapapasa, n'kukabweza m'dzanja langa, n'kufumbatitsa zala zanga.

"Sungani. Inu mumayenda. Mwina mudzakumana ndi wina wofunsa mafunso amene amamvanso mayankho."

Iwo anayambanso kupota, ine ndikuyang'ana manja awo. Dzuwa linali likuswa mtengo, mphepo kunalibe, ndipo mthunzi wa mango unali utachepa. Kenako ndinatsanzika. Ndinali nditaimirira kale pamene anandiitana.

"A Kampani, musanapite, ndikupempheni kanthu kamodzi." Anavundukula mbale ija n'kukweza kapu. Munalibe ngakhale dontho. "Lero kwatentha, anga atha msanga. Achemwali abwera dzuwa likapendeka. Tanditungireniko."

Ndowa inali pakhonde, yodzaza mpaka pakamwa, pamalo poti iwo akanangokwawa pang'ono n'kutambasula dzanja. Pakhomo panalibe wina aliyense woti awaone. Ndinatunga, ndinawapatsa, analandira ndi manja awiri n'kumwa osapumira. Anati zikomo. Ndinatunganso kapu ina n'kuivindikira ndi mbale, kenako ndinanyamuka, misozi ikundilepheretsa kuona njira.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa mafunso onse amene anandipatsa, osadumpha ngakhale limodzi, ndipo phula ndinadya ndithu. Ntchito ija ndikuigwirabe, pakuti ana amafuna kudya. Masiku ano ndimayenda ndi cholembera ndi kope, ndimalankhula ndi mwini wake, wailesi ndinatsitsa. Kabotolo kaja ndakaonetsa kale ku makampani atatu. Onse amati ndi nzeru yabwino kwambiri, ndipo onse amandibwezera. Sindinganene kuti mantha a pamsonkhano anandithera, pakuti sindinayesedwenso. Chimene ndikudziwa n'chakuti kachipangizo kakalira kuti "twi", ine ndimamva mawu a bambo uja akuuza mlongo wake mokondwa kuti zalowa, ndipo ndimamva ludzu.